Okonda ali ndi mawu, koma cholembera si chawo

Kumayambiriro kwa 1968 makalata anasefukira ku likulu la kanema ya NBC ku America. Mphekesera zinali zitamveka kuti sewero la Star Trek, lonena za chombo choyendera nyenyezi zakutali, lithetsedwa ikatha sizoni yachiwiri poti oonera anali ochepa. Mayi wina wokonda seweroli, Bjo Trimble, pamodzi ndi amuna awo a John, anamema anzawo kuti aliyense atenge pepala alembe. Makalata anachuluka mpaka NBC inalengeza pa kanema pomwepo kuti sewerolo lipitirira. Sizoni yachitatu inajambulidwa ndi ndalama zochepa, inakankhidwira Lachisanu usiku kwambiri, ndipo mu 1969 sewerolo linathetsedwabe lili ndi zigawo 79. Komatu zigawo 79 zinali zokwanira kuti makanema ena azigule n'kumazibwereza tsiku ndi tsiku, ndipo m'kubwereza m'menemo ndi momwe Star Trek inapezera khamu limene ili nalo mpaka lero.

Okonda masewero opeka a sayansi amainyadira nkhaniyi, ndipo akuyenera kutero. Koma taonani chimene anthu aja anapempha. Sanalembe zoti Kirk, mtsogoleri wa chombocho, akwatire uje, kapena zoti Spock, mnzake wosaseka, ayambe kuseka ngati anzake. Anapempha kuti olemba apatsidwe mpata wopitiriza ntchito yawo. Zimene zilembedwe anazisiya m'manja mwa eni cholembera.

Malire amenewa ndi amene ndikuona kuti asokonekera masiku ano pakati pa okonda masewero a pa TV, magemu ndi nyimbo za rock. Munthu amene wapereka ndalama ndi nthawi yake ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti asaberedwe, asanamizidwe, ndiponso kuti chimene wagula chigwire ntchito. Alinso ndi ufulu wonena poyera kuti sewero ili n'lozizira, chimbale ichi n'chosakoma. Ufulu umene alibe ndi wolamula kuti nkhani ithe chonchi, kapena kuti gulu loimba lisasinthe kamvekedwe kake. Ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti mphamvu zambiri za okonda zikuthera ku mbali imene alibeko ufuluyo, pomwe kumene akanapambana kukusowa anthu.

Pa nkhani ya ndalama ndi chilungamo, mkwiyo wa okonda wachita zazikulu. Mu November 2017 kampani ya EA inali pafupi kutulutsa gemu ya Star Wars Battlefront II. Amene anayamba kuilawa anapeza kuti munthu atalipira kale mtengo wonse wa gemu, sakanatha kusewera ngati Darth Vader kapena Luke Skywalker, anthu otchuka a m'nkhani ya Star Wars, pokhapokha atathera maola ambirimbiri akusonkhanitsa mapointi, ndipo mphamvu zina zinkapezeka m'mabokosi ogula ndi ndalama zenizeni, osadziwa kuti m'katimo muli chiyani. EA itayesa kudziteteza pa Reddit, malo okambirana a pa intaneti, yankho lake linakanidwa ndi mavoti oposa 600,000, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pamenepo. Kutatsala maola ochepa kuti gemu ituluke, kampaniyo inatseka kaye kugula kwa m'kati konse. Mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi olipira oterewa m'magemu ena angapo ndi juga ndithu. Osewera ndi amene anayamba kukuwa boma lisanadzidzimuke, ndipo anateteza ngakhale ana amene sakanatha kudzilankhulira.

Chimodzimodzi mu December 2020, pamene gemu ya Cyberpunk 2077 inatuluka ikungoima ndi kuzima pa makina osewerera a PlayStation 4 ndi Xbox One. Olemba ndemanga sanapatsidwe gemu ya pa makina amenewa isanatuluke, choncho ogula analipira ali m'chimbulimbuli. Madandaulo atakula, Sony inaichotsa pa sitolo yake ya pa intaneti n'kulonjeza kubweza ndalama, ndipo inakhala kunja mpaka June 2021. Palibe amene angati apa okonda analowerera za eni. Anagulitsidwa katundu wosatha kupanga.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri chikulumikiza rock ndi magemu. Mu 2008 gulu la rock la Metallica linatulutsa chimbale cha Death Magnetic, ndipo omvera anadandaula kuti mawu ake akusweka. Pofuna kuti nyimbo zimveke mokweza kuposa za ena, okonza anazipanikiza mpaka ng'oma ndi magitala zinayamba kuthetheka m'makutu. Akanatha kuuzidwa kuti ndi makutu awo, koma panali umboni: nyimbo zomwezo zinatulukanso mu gemu ya Guitar Hero III zisanapanikizidwe choncho, ndipo aliyense akanatha kuyerekeza yekha. Anthu zikwizikwi anasayinira pempho loti chimbale chikonzedwenso. Sanapemphe kuti Metallica ilembe nyimbo zina. Ankafuna kumva bwino zimene Metallica inali italemba kale. Ngakhale gululo silinavomere pa nthawiyo, mkanganowo unatsegula maso a anthu wamba pa mpikisano wokweza mawu umene unali utawononga zimbale zambiri mwakachetechete.

Tsono tibwere kumene okonda amafuna kugwira cholembera. Kuno mbiri yawo si yabwino konse, ndipo ndi bwino tiinene mosabisa.

Mu July 1965 Bob Dylan, amene ankadziwika poimba yekha ndi gitala yopanda magetsi, anakwera nsanja ku Newport Folk Festival atanyamula gitala yamagetsi, kumbuyo kwake kuli bandi. Ena mwa omvera anamukuwiza. Chaka chotsatira ku Manchester munthu wina anamukuwira kuti ndi Yudasi. Amene ankakwiyawo sanali adani ake. Anali omukonda kwambiri, amene ankaona kuti Dylan ndi wawo ndipo alibe ufulu wochoka pamene anamupeza. Akanawamvera, zimbale zimene lero zimawerengedwa m'gulu la maziko a rock sizikanakhalapo. Mu 2000 gulu la Radiohead linachitanso chimodzimodzi. Dziko linkayembekezera chimbale china cha magitala chonga OK Computer ya 1997, koma iwo anabwera ndi Kid A, yodzaza ndi mawu a makina, nyimbo zina zopanda kolasi yoimbika. Ambiri anati gululo ladzipha lokha. Zaka khumi zisanathe, magazini a nyimbo a Rolling Stone ndi Pitchfork anaitcha chimbale chopambana m'zaka khumi zimenezo.

Pa TV nkhani ndi yomweyo. Star Trek itabwerera mu 1987 ndi dzina la The Next Generation, okonda akale ambiri sanafune kumva za chombo cha Enterprise chopanda Kirk, chotsogozedwa ndi Patrick Stewart, mzungu wa ku Britain wadazi wozolowera masewero a Shakespeare. Sewerolo linakhala masizoni asanu ndi awiri, kuposa kawiri loyamba lija. Deep Space Nine itayamba mu 1993, dandaulo linali loti Star Trek yanji yokhala pa siteshoni imodzi osayenda, yodzaza ndi ndale, chipembedzo ndi nkhondo. Lero ambiri mwa okonda omwewo amati ndi yozama kuposa zonse. Battlestar Galactica itapangidwanso mu 2003, otsatira sewero la 1978 anapsa mtima pomva kuti Starbuck, woyendetsa ndege wotchuka uja, tsopano akhala mkazi. Katee Sackhoff anaisewera mbaliyo mpaka anthu anaiwala zoti panali mkangano, ndipo sewerolo linalandira mphoto ya Peabody.

N'chifukwa chiyani anthu odziwa sewero kapena gulu loimba kuposa wina aliyense amaphonya chonchi? Sikuti ndi opusa ayi. Chimene chinatikopa tsiku loyamba chinali chinthu chimene sitinachiyembekezere. Palibe amene anaitanitsa gitala ya Jimi Hendrix asanaimve. Koma tikachikonda, timafuna kumvanso mmene tinamvera tsiku lija, ndipo njira yokha imene timaidziwa yopemphera zimenezo ndi kunena kuti bwerezani zomwe zija. Akatibwerezera timatuluka tili osakhutira, poti kudzidzimuka kuja sikubwera kawiri ndi chinthu chimodzimodzi. Wokonda amadziwa bwino kwambiri pamene chinachake chalakwika. Mankhwala amene amalembera ndiwo amakhala a dzulo, chifukwa dzulo ndi lokhalo limene analiona.

Ndikudziwa chimene ena anena, ndipo si chopepuka. Ati magemu ndi osiyana, poti wosewera amakhala nawo m'kati mwa nkhani, amasankha, ndipo zosankha zake zimasintha zochitika. Pamenepa amatchula Mass Effect 3. Kuyambira 2007 kampani ya BioWare inauza osewera kuti zosankha zawo zidzawatsata m'magemu atatu onse: amene munamupulumutsa, amene munamusiya kuti afe, mtundu umene munaukhululukira. Gemu yomaliza itatuluka mu March 2012, anthu anapeza kuti mathero ake atatu akufanana kwambiri, kusiyana kwake kwakukulu kukuoneka ngati mtundu wa kuwala. Mkwiyo unali waukulu, ndipo ena anausandutsa chinthu chabwino posonkhetsa ndalama pafupifupi $80,000 za bungwe lothandiza ana odwala la Child's Play. Mu June chaka chomwecho BioWare inatulutsa mwaulere zigawo zowonjezera zofotokoza bwino mathero.

Ine ndimaona kuti pa mlandu umenewu panali madandaulo awiri osakanikirana. Loyamba linali loti akuluakulu a kampani, gemu isanatuluke, ananena poyera kuti mathero adzasiyana kwambiri malinga ndi zosankha za munthu, ndipo sizinatero. Limeneli ndi dandaulo la wogula amene analonjezedwa china n'kulandira china, ndipo linali loona. Lachiwiri linali loti Shepard, ngwazi ya gemuyo, asafe, kapena kuti pakhale mathero achisangalalo. Limeneli linali lofuna kulanda cholembera. BioWare inachita bwino kuyankha loyamba n'kukana lachiwiri: inawonjezera kufotokoza, inaonetsa zotsatira za zosankha, koma mutu wa mathero sinausinthe. Wosewera amasankhadi, koma amasankha m'kati mwa nyumba imene wina anaimanga, ndipo kulemera kwa zosankhazo kumachokera pa mfundo yoti si zonse zimene zingakhale monga iye akufunira.

Ena atchula Sonic, kanyama kotchuka ka m'magemu. Mu 2019 kanema wotsatsa filimu yake atatuluka, anthu anadana ndi maonekedwe ake, makamaka mano ndi miyendo yonga ya munthu. Opanga anachedwetsa filimu mpaka February 2020, anamujambulanso, ndipo zinayenda bwino. Apa okonda analondola, sindikana. Nintendo nayonso, itanyozedwa mu 2001 chifukwa cha zithunzi zonga za katuni za gemu ya Zelda yotchedwa The Wind Waker, inabwera mu 2006 ndi Twilight Princess yamdima, yooneka ngati zenizeni, monga okonda ankafunira, ndipo inagulidwa kwambiri kuposa inzake ija. Choncho kumvera khamu nthawi zina kumalipira. Koma The Wind Waker ija, imene inkatchedwa ya ana, ndi imene maonekedwe ake sanakalambe, ndipo itatulutsidwanso mu 2013 analandira ndi manja awiri ambiri mwa omwe anainyoza. Wopanga angathe kumva dandaulo, kuliyeza, n'kuvomereza kuti anthu akunena zoona. Kumeneko ndi kusankha kwake. Vuto limayamba pamene okonda ayamba kuona kuti kumveredwa ndi ngongole imene ayenera kubwezeredwa nthawi zonse.

Ndipo maganizo a ngongolewa amabala zoipa zimene sindingazitchule mopepuka. Munthu akakhulupirira kuti nkhani ndi yake, amene waisintha amaoneka ngati wakuba, ndipo wakuba anthu samumvera chisoni. Mu 2020 gemu ya The Last of Us Part II itatuluka, Laura Bailey, amene anangosewera mbali ya Abby, munthu wa m'nkhaniyo amene osewera ena anadana naye, analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, ena okhudza ngakhale mwana wake. Iye sanalembe nkhaniyo. Anapatsidwa mawu, anawanena bwino. Gemu yomweyo inathiridwa ndemanga zoipa zikwizikwi patangopita maola ochepa itatuluka, nthawi yosakwanira kuti munthu aimalize, mpaka Metacritic, malo a pa intaneti osonkhanitsa ndemanga, inaika lamulo loti ndemanga za osewera zizidikira maola 36. Mu 2022 Moses Ingram, mayi wachikuda amene anasewera mu sewero la Star Wars la Obi-Wan Kenobi, anaonetsa poyera mauthenga atsankho amene ankalandira, ndipo mnzake Ewan McGregor anachita kujambula uthenga womuikira kumbuyo. Zoterezi sizichokera m'chikondi cha sewero. Ndipo okonda enafe tikamangoti ndi anthu ochepa chabe n'kupitiriza kugawana makanema a anthu amene amakolezera moto umenewu, ndiye kuti tikuwasonkhera nkhuni.

Palinso funso limene silifunsidwa mokwanira: tikamati okonda akufuna chakuti, tikunena ndani? Amene amalemba pa intaneti tsiku lililonse ndi kagulu kochepa poyerekeza ndi amene amangoonera n'kukagona. Mu 2007 CBS itathetsa sewero la Jericho, otsatira ake anatumiza mtedza wokwana matani pafupifupi 20 ku maofesi a kampaniyo. CBS inagonja, inajambula zigawo zina zisanu ndi ziwiri, koma oonera anachepa kuposa kale ndipo mu 2008 sewerolo linathetsedwanso. Firefly, sewero linanso la pa TV, imene kanema ya Fox inaidula mu 2002 zigawo zake 14 zisanaonetsedwe zonse, inapezerapo filimu ya Serenity mu 2005 chifukwa cha khama la okonda ndi kugulidwa kwa ma DVD, koma m'nyumba zoonetsera mafilimu ndalama zimene inapeza zinangofanana ndi zimene inawonongera. Mbali inayi, Metallica itafewetsa ndi kufupikitsa nyimbo zake pa chimbale cha mu 1991, otsatira akale anati yagulitsa mzimu, koma chimbalecho chinagulidwa makope oposa 16 miliyoni ku America kokha, ndipo ambiri mwa amene lero amadzitcha okonda enieni analowera pa khomo lomwelo. Phokoso ndi chiwerengero n'zosiyana. Masiku ano kusiyanaku kwakula, chifukwa pa YouTube ndi malo ena otere kanema wa munthu wolusa amaonedwa kwambiri kuposa wa munthu wokhutira, ndipo alipo amene amadyera momwemo. Sewero lisanatuluke n'komwe, iwo amakhala atajambula kale chigamulo chake.

Wokonda amene akuyabwidwa m'manja kuti alembe ali nayo njira yolemekezeka, ndipo yakhalapo kalekale. Doctor Who, sewero la pa TV la ku Britain, itathetsedwa ndi BBC mu 1989, okonda anaisunga ndi moyo m'mabuku, m'magazini ndi m'masewero omvera. Itabwerera mu 2005, amene anaiukitsa anali Russell T Davies, wokonda sewerolo kuyambira ali mwana, ndipo amene anamulowa m'malo, Steven Moffat, anali chimodzimodzi. David Tennant ndi Peter Capaldi anakula akulionera asanadzasewere iwo eni mbali ya Doctor, mwini nkhani wa sewerolo. Counter-Strike inayamba mu 1999 ngati ntchito ya anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, amene anasintha gemu ya Half-Life kuti ikhale monga ankafunira, mpaka Valve, kampani imene inapanga Half-Life, inawalemba ntchito. Dota inabadwa chimodzimodzi m'kati mwa Warcraft III. Ndipo pafupifupi gulu lililonse la rock linayamba ndi achinyamata oimba nyimbo za ena m'chipinda, mpaka anatopa nazo n'kuyamba zawo. Anthu amenewa anatenga cholembera pogwira ntchito, n'kuika dzina lawo pamene nawonso angadzudzulidwe. Davies atangoyamba, okonda anzake anamudzudzula ngati mmene ankadzudzulira am'mbuyo mwake.

Chimene ndikufuna okonda aone n'chakuti makampani aphunzira kale kuti kutipatsa zakale n'kotsika mtengo. Kubweretsanso munthu wakale m'sewero, kubwereza mawu otchuka, kutulutsanso gemu ya zaka khumi zapitazo itapakidwa utoto watsopano, zonsezi zimatseka pakamwa odandaula ndipo zilibe chiopsezo. Pamene ife tikukangana za mtundu wa khungu la wosewera kapena kutalika kwa tsitsi la woimba, mitengo ya matikiti ndi malamulo a umwini zikusinthidwa popanda wotifunsa. Gulu la rock la Pearl Jam linalimbana ndi kampani yogulitsa matikiti ya Ticketmaster mu 1994 pa nkhani ya ndalama zowonjezera pa matikiti, ndipo linalimbana pafupifupi lokha. Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, mu 2023, okonda gulu la The Cure anaonetsa kuti pa matikiti ena a $20 ndalama zowonjezera zinaposa mtengo wa tikiti yeniyeniyo. Robert Smith, woimba wa gululo, anawaikira kumbuyo poyera, ndipo Ticketmaster inabweza $10 kapena $5 pa tikiti iliyonse. Woimba ndi omvera ataima mbali imodzi, kampani inagonja m'masiku ochepa.

Nkhondo imene ndingakonde kuona khamu likuthamangirako ndi ya magemu amene amazimitsidwa. Ubisoft inatulutsa gemu ya magalimoto ya The Crew mu 2014. Kumapeto kwa March 2024 inatseka makompyuta ake amene gemuyo inkadalira, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense amene anaigula, ngakhale ali ndi chimbale m'manja, ngakhale akufuna kusewera yekha, sakanathanso kuitsegula. Ross Scott, wojambula makanema a pa YouTube, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yopempha kuti kampani ikafuna kusiya gemu, iisiye ili yoti ogula angathe kuisewerabe paokha. Sakupempha kuti nkhani ya gemu iliyonse isinthidwe, kapena kuti kampani izilipirira makompyuta mpaka kalekale. Chaka chomwecho Ubisoft inalonjeza kuti The Crew 2 idzakhala ndi njira yosewerera popanda intaneti, ndipo mu 2025 pempho la kampeniyi ku European Union linapitirira masiginecha 1 miliyoni, chiwerengero chimene chimafunika kuti akuluakulu a kumeneko aliganizire. Masewero a pa TV nawonso ayamba kuchotsedwa pa malo oonera a pa intaneti popanda DVD yotsala, kotero funso loti chimene talipira ndi chathu mpaka liti likuwadikiranso okonda masewero, ndipo pakadali pano alibe kampeni yawo yofanana ndi imeneyi.